Ulendo wa ku Korea: mmapazi mwa asilikali obwera

Tsiku loyamba, Lamulungu

Ndafika anthuni. Ndikulemba ndili pa mphasa ya kuno, pansi pakutentha ngati pa mafuwa chifukwa nyumba zawo amazitenthetsa kuchokera pansi, koma kunjaku nde musanene. Tinanyamuka ku Lilongwe dzulo, kusintha ndege ku Addis, kenako maola pafupifupi 12 tili mmwamba mpaka Incheon. Potuluka pa eyapoti foni ikuti -7. Ine ndimayesa kuzizira ndi kwa ku Dedza mu Juni, jekete yanga ya pa kaunjika ija mphepo imangodutsa ngati ndavala neti ya udzudzu kkkk.

Chondibweretsa ndi mlongo wanga, wamaliza masitazi ndipo mwambo wake ulipo Lachisanu. Anabwera kudzanditenga ndi mnzake wa m'kalasi, mnyamata wa konkuno waulemu kwambiri, mu zolembazi ndizingoti mnzathu. Iyeyu anayamba wakhala ku usilikali miyezi 18, kuno mwamuna aliyense wathanzi amapitako, ufune usafune.

Madzulo ananditengera ku lesitilanti. Mpoto umodzi waukulu pakati pa tebulo ukubwata, mkatimo soseji, nyama ya mchitini ya Spam, nyemba za mchitini, kimchi (kabichi wowawasa wa tsabola), ma noodles, tsabola wochita kutulutsa mamina. Ndinafunsa kuti kodi chakudya cha makolo anu nchimenechi, soseji ndi nyemba za mchitini? Mnzathu anaseka nati dzina lake ndi budae jjigae, budae ndiye kuti kampu ya asilikali. Nkhondo ya Korea italekeka mu 1953 anthu analibe chodya, nde zotsala ndi zotuluka mozemba ku makampu a Amereka, makamaka cha ku Uijeongbu, amaziponya mumpoto nkuthira tsabola kuti zimveke zakwawo. Lero anthu akulipira ndalama kuti adye. Ine ndinakumbuka chimanga chayelo chija cha chilala cha 1992, kusiyana kwake nkoti ife sitinachisandutse bizinesi.

Nditagona tulo sitinabwere, mawotchi akusiyana maola 7 ndi kwathu. Ndimangoganiza za malemu agogo aamuna, bambo awo a mayi. Anali a Keyala, asilikali a Angelezi aja a King's African Rifles, anapita ku Burma mu 1944 kukamenyana ndi Ajapani. Sankakamba zambiri, ukawafunsa amangoti kunali mvula, misundu ndi malungo, basi nkuyamba kupota fodya. Mendulo yawo inkakhala mu chitini cha mabisiketi. Aka nkoyamba munthu wa mtundu wathu kufikanso mbali ino ya dziko kupatula mlongo wangayu.

Tsiku lachiwiri, Lolemba

Mlongo wanga ali bize ndi za gauni ndi mapepala, wangoti "achimwene musasowe, khadi ya basi ndi iyi", koma mwamwayi mnzathu wabwereka galimoto ya kwawo watitengera ku chilumba cha Ganghwa, pomwe mtsinje wa Han umathira mnyanja. Ndi pakhomo pa Seoul, aliyense wobwera ndi sitima zankhondo amayenera kudutsa apa, nde pafupifupi aliyense anadutsadi.

Oyamba kuwatchula ndi a Mongol. Anayamba kulowa mu 1231, chaka chotsatira mfumu ndi nduna zake anathawira pa chilumbachi chifukwa a Mongol anali akatswiri pa kavalo koma pa madzi ayi. Mfumu ili phee kuno, anthu wamba kumtunda akuotchedwa midzi kwa zaka pafupifupi 30. Nthawi yomweyo ndi pomwe anasema malemba achi Buddha pa matabwa oposa 81,000 kupempha kuti adani achoke, matabwawo alipobe mpaka lero ku kachisi wa Haeinsa.

Kenako 1866 Afalansa, atakwiya ndi kuphedwa kwa ansembe awo achikatolika. Pochoka anaotcha nyumba ndi kunyamula mabuku a ku nyumba yachifumu, mabukuwo anabwerera mu 2011, komanso osati kubweza ayi, mobwereketsa. Tangoganizani munthu akubereni njinga nkudzakubwerekani yomweyo patatha zaka 145. Mu 1871 Amereka. Mu 1875 Ajapani ndi sitima yawo Unyo, chaka chotsatira anakakamiza pangano lotsegula madoko lomwe analisainira pomwepa.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa linga la Gwangseongbo, pomwe panachitikira ya 1871 ija. Kampanda kamiyala kozungulira pamwamba pa kaphiri, kuchepa kwake ngati khola la ng'ombe la munthu wochita bwino pang'ono, pansi madzi akuthamanga ngati Shire nthawi ya dzinja. Pamenepo asilikali a Jenerali Eo Jae-yeon anali ndi mfuti zagogodera zoyatsa ndi chingwe, enawo ali ndi mizinga ya pa sitima. Aku Korea anafa oposa 240 kuphatikiza jeneraliyo ndi mng'ono wake, Amereka atatu okha. Zipolopolo zitatha akuti amaponya miyala ndi dothi mmaso mwa adani. Chapansi pang'ono pali manda 7 a mitumbira, momwe anaika pamodzi omwe sanadziwike mayina. Udzu wofota ndi chisanu, palibe wina aliyense kupatula ife ndi agogo ena aakazi omwe amachita masewero olimbitsa thupi akumvera wailesi.

Ndinamufunsa mnzathu kuti nanga Amereka omwewa si anzanu apamtima? Anangoti inde, ndi anzathu, pano asilikali awo alipo 28,500 mdziko muno. Sanaonjezere ndipo ine sindinapitirize.

Tsiku lachitatu, Lachiwiri

Lero tsiku lonse lathera ku War Memorial of Korea ku Yongsan, kulowa ndi ulele. Malo a Yongsan enieniwo ndi nkhani payokha, mu 1882 panakhala asilikali a China, kenako likulu la asilikali a Japan, 1945 itakwana Amereka analowa mnyumba zomwezo, posachedwapa ndi pomwe ambiri asamukira ku Camp Humphreys ku Pyeongtaek. Pakati penipeni pa mzinda, zaka zoposa 100, mwini dziko kumangodutsa kunja kwa mpanda.

Usanalowe pali chiboliboli cha anyamata awiri okumbatirana, wamkulu ndi ofesala wa kummwera (South Korea) ali ndi mfuti kumsana, wamng'ono msilikali wa kumpoto (North Korea), aima pa chulu chong'ambika pakati. Mtundu umodzi, chilankhulo chimodzi, mimba imodzi.

Nkhani ya mzere wogawa Korea pawiri ndi yomwe yandipweteka mutu. Japan itatsala pang'ono kugonja mu Ogasiti 1945, asilikali a Soviet anali atalowa kale kumpoto. Ku Washington maofesala awiri, Dean Rusk ndi Charles Bonesteel, anapatsidwa ntchito usiku kuti apeze pogawira. Anatenga mapu, nkusankha mzere wa 38 chifukwa umasiya Seoul mbali ya Amereka. Panalibe mu Korea ndi mmodzi yemwe mchipindamo. Mzere kudula mitsinje, njanji, minda, mabanja. Ife zimenezi timazidziwa, Achewa tili ku Malawi, Zambia ndi Mozambique chifukwa cha mapensulo a azungu, koma ife chaka ndi chaka timapita ku Kulamba ku Mkaika, pa Lizulu umangowoloka msewu wagula mbatata ku Mozambique wabwerako. Kuno ukawoloka ndi chipolopolo.

Nkhondo inayamba Lamulungu mbandakucha pa 25 Juni 1950, kumpoto atalowa ndi akasinja ochokera ku Soviet. Masiku atatu Seoul yagwa. Asilikali a kummwera pothawa anaphulitsa mlatho wa pa Han anthu awo omwe ali pamwamba pake. Pofika Ogasiti kummwera kunangotsala kangodya ka Busan. Pa 15 Seputembala Jenerali MacArthur wa Amereka anakocheza ku Incheon, zinthu zinatembenuka, anathamangitsana mpaka kufupi ndi mtsinje wa Yalu pa malire ndi China, nde China nayo inati ayi apa mwafika pakhonde, mu Okutobala inalowetsa asilikali zikwi mazanamazana. Mwana weniweni wa mtsogoleri wa China Mao, dzina lake Mao Anying, anafera komweko. Seoul inasintha manja kanayi. Patatha zaka zitatu anthu pakati pa 2 ndi 3 miliyoni afa, ambiri anthu wamba, ndipo malire anabwerera pafupifupi pomwe anali. Ndinaima pa mapu amagetsi osonyeza mzere ukutsika, kukwera, kutsikanso, nkuima, ndinangoti ha.

Mmakonde a kunja muli miyala yakuda yolembedwa mayina a omwe anafa, a Korea ndi a mayiko 16 omwe anatumiza asilikali pansi pa mbendera ya UN. Amereka okha oposa 36,000, awasanja potengera dera lomwe anachokera. Ndinayenda mpaka ndinapeza Ethiopia ndi South Africa. Ndinavula gulovu kuti ndikhudze, mwala wozizira ngati ayisi, zala zinachita dzanzi.

Tikumwa khofi mnzathu anandiuza za No Gun Ri. Kumapeto kwa Julayi 1950 asilikali a Amereka anawombera anthu othawa nkhondo omwe anabisala pansi pa mlatho wa njanji, masiku angapo, poopa kuti mwa iwo muli adani. Opulumuka anakhala akunena kwa zaka zambiri osamvedwa mpaka atolankhani a Associated Press analemba mu 1999, ndipo mu 2001 Pulezidenti Clinton wa Amereka ananena mawu odandaula. Anatinso boma la kummwera lenilenilo linapha anthu ake ambirimbiri owaganizira chikomyunizimu, kumpoto nakonso chimodzimodzi, ndipo mabomba omwe anagwa kumpoto anasiya mizinda yambiri ili phulusa. Amakamba motsitsa mawu, akuzunguza kapu.

Tsiku lachinayi, Lachitatu

Mmawa tinadutsa pa Gwanghwamun kukaona chiboliboli cha Yi Sun-sin, mkulu wa asilikali apamadzi yemwe anasautsa Ajapani a mtsogoleri wawo Hideyoshi pa nkhondo ya 1592 mpaka 1598. Mu 1597 anali ndi sitima 13 zokha koma anabweza gulu la sitima zoposa 100 pogwiritsa ntchito mafunde a pa mpata wopapatiza wa Myeongnyang. Ana a sukulu akujambulitsa. Nkhondo imeneyonso China inatumiza asilikali, ndipo Ajapani amadula mphuno za ophedwa kutumiza kwawo ngati malisiti, chulu chake chilipo ku Kyoto. Sitinakhalitse, kumazizira.

12 koloko tinafika pomwe pamachitika chionetsero cha Lachitatu, pafupi ndi malo a ofesi ya kazembe wa Japan. Chinayamba mu Januwale 1992 ndipo chikuchitikabe sabata ndi sabata. Nkhani yake ndi ya atsikana omwe anatengedwa kukagwiriridwa mmakampu a asilikali a Japan pa nkhondo yachiwiri. Anakhala chete zaka zoposa 40 chifukwa cha manyazi, mpaka mayi Kim Hak-sun anaima poyera mu Ogasiti 1991. Pali kachiboliboli ka mtsikana wovala zachikhalidwe atakhala pa mpando, zibakera pa maondo, zidendene zosagunda pansi, pambali pake mpando wopanda munthu. Wina anali atamuveka chipewa choluka ndi sikafu chifukwa cha chisanu. Mlongo wanga anandigwira mkono nati "achimwene tiyeni", maso ali ofiira.

Masana ku ndende ya Seodaemun, yomangidwa mu 1908, njerwa zofiira. Japan inalanda dziko lonse mu 1910 mpaka 1945. Pa 1 Malichi 1919 anthu anadzuka mdziko lonse kufuna ufulu, patangotha zaka 4 chichitikireni cha Chilembwe kwathu, ndipo ambiri anathera muno. Mmodzi ndi Yu Gwan-sun, mtsikana wa sukulu, anafera momwemu mu 1920 ali ndi zaka 17. Muli chipinda chomwe makoma onse ndi makhadi a akaidi, chithunzi chakumaso ndi chammbali, nkhope zotupa, ena ana enieni. Mulinso timabokosi toimirira tomwe amatsekeramo munthu, sungakhale pansi sungawongoke. Ndinalowamo kuyesa, mnzathu anatseka kachitseko, sindinathe ndi miniti yomwe.

Koma chomwe chandisowetsa mtendere ndi ichi. Pofika 1940 anthu amakakamizidwa kutenga mayina achi Japan, ku sukulu chilankhulo chawo choletsedwa, amuna zikwi mazanamazana kutengedwa kukakumba migodi, ndipo kuyambira 1944 anyamata kulembedwa usilikali wa Japan mokakamiza. Ena anatumizidwa mpaka ku Burma. Ngakhale atsikana aja, mu Ogasiti 1944 Amereka anapeza 20 aku Korea kufupi ndi Myitkyina, ku Burma komweko. Chaka chomwecho agogo anga ali mmatope a chigwa cha Kabaw ndi mfuti ya Angelezi. Ndiye kuti mwa "Ajapani" omwe agogo amatiuza aja munali ana a eni ake ngati iwo omwe, wina wotengedwa ku mudzi wa ku Ntcheu ndi amfumu atalamulidwa ndi bwana DC, wina wotengedwa ku mudzi wa kuno, kukakumana mnkhalango ya dziko lachitatu kumawomberana. Ndinamuuza mnzathu, anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anati mchimwene wa agogo ake aamuna anatengedwa nthawi imeneyo ndipo sanabwerere.

Tsiku lachisanu, Lachinayi

DMZ, mpata wa pa malire a kumpoto ndi kummwera. Kudzuka 5 koloko, basi ya alendo, pasipoti mmanja. Kuchokera ku Seoul ndi ola limodzi basi, kufupika kwake ngati Lilongwe ndi Mponela, ndipo msewu wonse mmbali mwa mtsinje ndi waya waminga ndi tinyumba ta alonda.

Nkhondo ija sinathe, anangosainirana kuti aleke kuwomberana pa 27 Julayi 1953 ku Panmunjom. Osaina anali a UN motsogozedwa ndi Amereka, North Korea ndi China. Pulezidenti wa kummwera Syngman Rhee anakana kusaina. Mpata womwe anasiya ndi wa makilomita pafupifupi 250 mlitali, 4 mlifupi, wodzaza mabomba okwirira, nde poti anthu salowamo mbalame ndi agwape ndi omwe akusangalala.

Poyamba Imjingak. Pali mutu wa sitima ya malasha womwe unasiyidwa mu 1950, dzimbiri lokhalokha, mabowo a zipolopolo oposa 1,000, mawilo opindika. Pa waya pali timaliboni tambirimbiri tolembedwa mauthenga. Pali guwa lotchedwa Mangbaedan pomwe anthu ochokera kumpoto amabwera pa zikondwerero kudzagwada kuyang'ana kwawo, poti manda a makolo sangawafike. Ife amene timati maliro sathawa, amene timakwera basi usiku wonse kuchokera ku Joni kuti tikaponye dothi, tangoganizani zaka 70 osadziwa ngati mayi ako anamwalira liti. Pomwepo pali malo ogulitsa ma sikono ndi zisudzo za ana zozungulira zija, nyimbo zili pwepwete, zinandisokoneza mutu pang'ono.

Pa mlatho wa Tongil msilikali analowa mubasi kuwerenga mapasipoti, kamwana kankhope yosalala, anayang'ana yanga kawiri, mwina Malawi amaimva koyamba. Wotiperekeza anati mlathowu ena amautcha wa ng'ombe. Chung Ju-yung, yemwe anayambitsa Hyundai, anabadwira kumpoto, ali mnyamata anaba ndalama zomwe bambo ake anagulitsa ng'ombe nkuthawira ku Seoul. Mu 1998 ali nkhalamba anawolotsa ng'ombe 1,001 mmalole kupita nazo kumpoto, imodzi kubweza, zinazo chiwongola dzanja. Imeneyi ndikawauza amalume ku mudzi aseka mpaka misozi.

Kenako ngalande yachitatu kupezeka, yomwe kumpoto anakumba pansi pa malire nkupezeka mu 1978. Mafoni amasiyitsa mmaloka, kukupatsa chipewa cholimba chachikasu, kutsika mamita 73 pansi. Kutsika nkosavuta. Mkatimo denga ndi lalifupi, ine ndi kutalika kwangaku chipewa chimangoti kho, kho, kho, azimayi ena aku Philippines kumbuyo kwanga akungoseka. Madzi akudontha, kumapeto khoma la konkire ndi kabowo kosuzumira. Pobwerera chitunda chake, abale, ndinapuma katatu, thukuta mkati mwa jekete kunja kuli chisanu.

Pa Dora, malo okwera oonerapo, ndi pomwe ndinaona kumpoto ndi maso. Mapiri ambee opanda mitengo ngati a kwathu omwe tinamaliza ndi makala, mzinda wa Kaesong chapatali, mlongoti wa mbendera wa mamita 160 womwe anaumanga popikisana ndi wa kummwera. Pa makina oonera patali ndinaona munthu mmodzi akupalasa njinga mmbali mwa munda, atanyamula kamtolo kumbuyo. Ndinamutsatira mpaka anabisika kuseri kwa nyumba. Kabaza weniweni.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Lachisanu

Lero za nkhondo pembali, mwana wa mayi anga wavala gauni!! Ndajambula mpaka foni kudzadza, amayi pa WhatsApp kulira ndi nthungululu, kwathu kunali 4 koloko mmawa koma anali maso ndi azakhali onse.

Madzulo banja la mnzathu linatiitana. Kuvula nsapato pakhomo, kukhala pansi, kulandira kapu ndi manja awiri, wamng'ono sayamba kudya akulu asanayambe, ndinangoti awa ndi Achewa anasochera. Panali agogo ake aakazi a zaka za mma 80, kakang'ono, tsitsi lopotana. Anandigwira dzanja nkumalisisita akuyankhula, mdzukulu akumasulira. Anabadwira kumpoto kufupi ndi Hungnam. Mu Disembala 1950 asilikali a UN akuthawa a China anakweza anthu wamba pafupifupi 100,000 mmasitima pa doko limenelo, sitima imodzi yokha ya katundu, Meredith Victory, inanyamula 14,000 ndipo ana 5 anabadwira momwemo. Gogoyu anakwera ina mwa sitimazo ndi mayi ake ali kamtsikana. Bambo ake ndi mchimwene wake anati tsogolani tikupezani pakatha masabata angapo. Mu 1983 wailesi ya kanema ya KBS itachita pulogalamu yofufuza abale otayana, masiku 138, mabanja oposa 10,000 nkupezana, iwo anapita ndi chikwangwani chawo kukaima panja pa nyumba ya wailesiyo. Palibe anabwera.

Atatha kukamba anandiwonjezera mpunga osandifunsa, nati ndine woonda.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, Loweruka

Sitima ya ku Chuncheon, ola ndi pang'ono, mapiri ndi madamu oundana. Anthu amapitako kukadya dakgalbi, nkhuku yokazinga pa chiwaya chachikulu ndi kabichi, tadya ndithu ndipo ndi bho, koma ine chondikokera chinali Ethiopia.

Mmbali mwa kamtsinje ka Gongjicheon pali nyumba ya madenga atatu ozungulira ngati nyumba zakumudzi, chikumbutso cha asilikali a ku Ethiopia otchedwa Kagnew. Mfumu Haile Selassie anatumiza asilikali ochokera mwa omulondera iye mwini, oyamba anafika mu 1951, onse pamodzi oposa 6,000. Chifukwa chake chinandigwira mtima. Italy italowa mdziko lake mu 1935, chaka chotsatira iye anapita ku League of Nations, bungwe la mayiko la nthawi imeneyo, ku Geneva kukadandaula, mayiko anangomuyang'ana. Nde UN itapempha thandizo la Korea anati ife tikudziwa kuwawa kosiyidwa wekha. Anafa oposa 120, ovulala oposa 500, koma palibe ndi mmodzi yemwe anagwidwa ukaidi ndipo mitembo ya anzawo samaisiya. Pali zithunzi zawo ali mu chipale chofewa, makhoti akuluakulu, nkhope zakuda zowonda, ine amene ndakhala ndikulira ndi -7 ndili ndi gulovu ndinachita manyazi. Amasonkhanso malipiro awo kusamalira ana amasiye.

Kuseri kwake nkowawa. Mu 1974 mfumu itagwetsedwa, boma la Derg linali lachikomyunizimu, ndipo linadzagwirizana ndi North Korea yomweyo. Madoda aja anasanduka anthu omwe anamenyera mbali yolakwika, ambiri anafera mu umphawi. Zinandikumbutsa nkhalamba za Keyala zomwe timaziona ku Zomba mu Novembala pa chipilala chija, majekete othothoka, mamendulo pachifuwa, mwambo ukatha aliyense abwerere ku mavuto ake.

Pafupi pomwepo pali nyumba ya khofi ya Ethiopia yomwe inatsegulidwa mu 1968, chaka chomwe Haile Selassie anabwera kuno. Tinakhala pa windo tikuyang'ana madzi oundana. Bambo wina wachikulire wa pa tebulo loyandikana anadzuka, kubwera, kundiweramira mpaka mchiuno akuyankhula. Mlongo wanga amene chi Korea amachimva anati akuthokoza, akuyesa ndinu mu Ethiopia. Ndinati muuze kuti ndine Mmalawi. Anamuuza, bamboyo anangogwedeza mutu nkuweramanso, kenako anatilipirira khofi. Ndamwa khofi wa magazi a eni ake, sindinadziwe poika nkhope.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, Lamulungu

Sitima yothamanga ya KTX ya ku Busan, makilomita oposa 400 maola awiri ndi theka, tiyi mu kapu osatayika. Busan inali likulu la dziko nthawi ya nkhondo masiku oposa 1,000, othawa onse anathira kuno, nde nyumba zinakwera mapiri ngati Ndirande ndi Mbayani. Nkhomaliro tadya milmyeon, ma noodles ozizira omwe anthu ochokera kumpoto anayamba kupanga ndi ufa wa tirigu wa chithandizo atasowa ufa wa kwawo. Mu chisanu chonchi supu ya ayisi, anthu awa sindiwamvetsa.

Manda a UN ndi aukhondo ngati bwalo la gofu, anthu pafupifupi 2,300 agona pamenepo. Angelezi oposa 800, aku Turkey 462, Canada, Australia, Netherlands. Pali kangalande ka nsomba kotchedwa dzina la Daunt, mnyamata wa ku Australia wa zaka 17, wamng'ono pa onse. Ndinapeza a South Africa, manda 11. Dziko lawo linatumiza oyendetsa ndege zankhondo a 2 Squadron, azungu okhaokha, kudzamenyera ufulu wa aku Korea mchaka chomwecho cha 1950 chomwe kwawo amakhazikitsa Group Areas Act, lamulo logawa malo okhala potengera khungu, nthawi yomwe azibambo athu a Wenela amagona mmakomponi. Ndinaima pamenepo mtima uli pawiri, komabe zaka zolembedwa pa miyalayo ndi 22, 24, ana, ndinavula chipewa.

Chakumadzulo tinakwera ku Ami-dong. Pamenepa panali manda a Ajapani, iwo atachoka mu 1945 othawa nkhondo anasowa pogona nkumanga pamwamba pa manda. Miyala ya pamanda inasanduka maziko, masitepe, potsamira silinda ya gasi. Ndinagwada kuona umodzi mmunsi mwa khoma la nyumba, wagona chammbali, zilembo zikuonekabe bwinobwino, pamwamba pake wina wayanika masokosi ndi nsomba. Kwathu munthu kungoloza kumanda amati chala chiwola. Mnzathu anati ena mwa okhalamo amathira nsembe kwa eni mandawo, kupepesa ndi kuthokoza powasunga.

Usiku ndinaimbira amayi kuwafunsa za chitini chija. Anati chilipo koma muli mabatani ndi singano, dikira. Ndinamva akusuntha sutikesi, akukalipira mdzukulu kuti awunikire bwino ndi tochi poti magetsi anali atazima. Patapita kanthawi chithunzi chinalowa, chosaoneka bwino, nyenyezi ya nsonga 6 ili pa chikhatho chawo, yakuda ndi dzimbiri, kansalu kake kofiira pakati njenjete zinadya mbali imodzi. Ndinamuonetsa mnzathu, anachikulitsa ndi zala nkuwerenga pang'onopang'ono, The Burma Star. Wapempha kuti ndimutumizire akawaonetse agogo ake.

Amayi akuti ndisaiwale mafuta opaka mmawondo aja ndinawalonjeza. Sitima yobwerera ku Seoul ndi ya 8 koloko mmawa, ndege usiku, ndipo sutikesi ya mlongo wanga yapitirira kale ndi makilo 6.